Nkhumba Zikadzauluka

Mtundu uliwonse wa anthu uli ndi njira yake yonenera kuti chinthu sichingatheke. Achewa akaona munthu akulakalaka chimene sangachipeze amati ali ndi maloto a chumba, ndipo akaona wina akuwerengera chuma chimene sichinafike m'manja amamukumbutsa kuti fodya ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Angerezi nawonso ali ndi mawu awo otere ochuluka ndithu, ndipo mawuwo anafika kuno pamodzi ndi sukulu, ndi mabuku, ndiponso ndi amuna amene anapita kukagwira ntchito kumaiko a kummwera. Mawu amenewa ndi okoma kuwamva ndi kuwaphunzira. Koma ali ngati nkhwangwa yonola, imene simasankha mtengo wouma kapena wauwisi, pakuti wosankha ndi mwini wake woigwira. Nkhani iyi ndi ya mkulu wina amene anali ndi nkhwangwa yotere, ndi momwe anaphunzirira kaigwiridwe kake.

M'mudzi wina wa m'chigawo chapakati cha Malawi munali mkulu amene anthu onse ankamutcha a Kalaliki. Dzinali linabwera chifukwa ali mnyamata anapita ku Salisbury, mzinda umene kuyambira chaka cha 1982 ukutchedwa Harare, nakagwira ntchito ya ukalaliki m'sitolo yaikulu zaka zambiri. Pobwerera kumudzi atakalamba anabwera ndi jekete lakuda, njinga, ndi bokosi la mabuku a Chingerezi amene ankawasunga ngati mbewu ya chaka chamawa. Sanali munthu woipa ayi. Amayi amasiye akalandira kalata yochokera kuboma ankapita nayo kwa iwo, ndipo iwo ankaiwerenga ndi kuiyankha osalipiritsa kanthu. Koma anali ndi chizolowezi chimodzi chimene chinkavuta pamisonkhano: akapanda kugwirizana ndi mfundo ina, sankafotokoza chifukwa chake, koma ankaimirira, naponya mwambi wa Chingerezi, nakhala pansi.

Chaka cha 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo ana olembetsa anachuluka kuchokera pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Chinali chinthu chokondweretsa, koma zipinda zophunziriramo sizinachuluke pamodzi ndi anawo. Pasukulu ya m'mudzi uja ana a Sitandade 1 ndi Sitandade 2 ankaphunzira pansi pa mtengo wa mango, atakhala pamiyala, bolodi litatsamira patsinde. M'chilimwe zinkathekako ndithu. Koma ikayamba mvula, mphunzitsi ankangoona mtambo wakuda kummawa n'kuuza ana kuti athamangire kwawo. Motero ana ambiri ankatha miyezi ya dzinja osaphunzira bwino, ndipo ena, makamaka atsikana, akachoka tsiku la mvula sankabwereranso.

Anthu atatha kukolola, amfumu anaitanitsa msonkhano pabwalo. Mphunzitsi wina wachinyamata, amene anali mlendo m'deralo, anapatsidwa mpata wolankhula, nati, "Zikomo Gogo Chalo, zikomo makolo nonse. M'mudzi muno muli mabanja 60. Banja lililonse litaumba njerwa 500, tidzakhala ndi njerwa 30,000, ndipo tingathe kumanga mdadada wa zipinda ziwiri kuti ana athu aleke kuthawa mvula." Anthu anayamba kung'ung'udza mokondwa, amayi ena nawomba m'manja. Pamenepo a Kalaliki anaimirira, nakonza jekete lawo, nati, "Aphunzitsi, zimene mwanenazi ndi castles in the air. Mdadada umenewo udzamangidwa, inde, koma when pigs fly." Atatero anakhala pansi.

Bwalo lonse linangoti zii. Mwa anthu onse amene anali pamenepo, ochepa okha ndiwo anamva tanthauzo la mawuwo, komabe onse anagwa mphwayi. Chifukwa chake n'chodziwika. Chingerezi chinali chinenero cha kuboma, cha kukhoti ndi cha mayeso, kotero munthu akachilankhula pabwalo la m'mudzi ankaoneka ngati waona chinthu chimene anzake sanachione. Mfundo yonenedwa m'Chichewa aliyense akanatha kuiyeza ndi kuitsutsa. Koma mawu amene sanawamve akanawatsutsa bwanji? Mphunzitsi uja anawamva bwino lomwe, koma pokhala mwana ndiponso mlendo, anachita manyazi kukangana ndi mkulu pamaso pa amfumu, nangowerama. Amfumu anali pafupi kunena kuti nkhaniyo idzaonedwa tsiku lina, ndipo aliyense amadziwa kuti pakadafunda padajiwitsa galu.

Koma kumbali ya amayi kunali gogo wina, mlongo wawo wamkulu wa a Kalaliki, amene adzukulu ake anayi anali m'gulu la ana ophunzira pansi pa mango. Gogoyo anagwada, nawomba m'manja, nati, "Zikomo Gogo Chalo. Achimwene, ine kusukulu sindinapiteko, ndipo Chizungu chanucho makutu angawa sanachitole. Tatimasulireni, kuti tikamaleka ntchitoyi tidziwe chimene chatiletsa." A Kalaliki sakanatha kukana pempho la mlongo wawo pagulu. Anafotokoza kuti mawu oyambawo akunena za munthu womanga nyumba zachifumu m'mlengalenga mopanda maziko, ndi kuti achiwiriwo akutanthauza tsiku limene nkhumba zidzauluke. Anthu atamva za nkhumba anaseka kwambiri, ndipo mantha aja anatha pomwepo.

Gogo uja anadikira kuti phokoso lithe, nati, "Achimwene, nkhumba ndimaweta ine, ndipo ndikudziwa kuti mapiko zilibe. Komatu pano sitinasonkhanire za nkhumba. Dothi lili pachulu apo, madzi ali kudambo, manja ndi awa. Tsono nkhumba yosaulukayo ndi iti? Ndi dothi kodi, ndi madzi kodi, kapena ndi manja athuwa?"

A Kalaliki anakhala chete kanthawi, pakuti funsolo linawalasa. Koma pokhala munthu woona mtima, anaimiriranso, nayankha m'Chichewa chomveka. Anati zinthu zowadetsa nkhawa zinali zitatu. Choyamba, malo amene mphunzitsi analoza anali pafupi ndi dambo, ndipo m'dzinja madzi amadikha pamenepo, kotero makoma akanang'ambika zisanathe zaka ziwiri. Chachiwiri, uvuni wa njerwa zambiri chotero umadya nkhuni zochuluka, ndipo mitengo yaikulu yotsala m'mudzimo inali ya kumanda yokha, imene munthu sangaidule. Chachitatu, dothi ndi manja sizigula malata, simenti ndi misomali. Ndipo iwo anaonapo kwina makoma atamangidwa bwinobwino, nakhala opanda denga, mpaka mvula inawagwetsa, thukuta la anthu n'kupita pachabe.

Apa m'pamene msonkhano unayamba kukhala msonkhano weniweni. Mfundo zitatuzo zinali zoona, ndipo mphunzitsi mwini anavomera kuti za dambo ndi za nkhuni sanaziganizire. Koma popeza tsopano zinali zitanenedwa poyera, anthu anatha kuzigwira imodziimodzi. Amfumu anapereka malo ena okwera, kumtunda kwa bwalo la mpira. Anagwirizana kuti banja lililonse lokhala ndi bulugama pamunda lipereke mtengo umodzi, ndi kuti ana a sukulu adzabzale mitengo ina mvula ikagwa. Za denga anapangana kuti ayambe ndi chipinda chimodzi, ndi kuti alembe makalata kwa ana a m'mudzimo okhala ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg, ndiponso kuboma, kupempha chithandizo cha malata. Pofunsa kuti makalatawo alembe ndani, maso onse anayang'ana kwa a Kalaliki.

Tsono nkhaniyi iyambe yaima pang'ono, kuti mawu a Angerezi amenewa aonedwe bwino, pakuti munthu wodziwa kumene mwambi unachokera saugwiritsa ntchito mwachisawawa.

Mawu akuti pigs might fly, kapena when pigs fly, ndi akale ndithu ku England, ndipo amanenedwa monyodola pamene munthu akukana kuti chinthu chingachitike. Koma pa 4 Novembala 1909 mkulu wina woyendetsa ndege, dzina lake John Moore-Brabazon, anaika kamwana ka nkhumba m'dengu, namangirira denguyo kundege yake pachilumba cha Sheppey, nauluka nako m'mwamba. Anachita zimenezi mwanthabwala, pofuna kuseka mwambiwo. Panali patangopita zaka zosakwana zisanu ndi chimodzi kuchokera pa 17 Disembala 1903, tsiku limene abale awiri, Orville ndi Wilbur Wright, anaulutsa ndege yawo ku America, pamene anthu ambiri ophunzira ankanena kuti makina olemera sangakwere mumlengalenga. Nkhumba ija sinamere mapiko ayi. Anthu ndiwo anapeza njira imene makolo awo sanaidziwe.

Chimodzimodzinso mawu akuti crying for the moon, ndiko kulirira mwezi, amanenedwa kwa munthu wopempha chinthu chosafikirika, monga amachitira mwana wamng'ono poloza kumwamba. Komabe pa 20 Julayi 1969 Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anatera pamwezi ndi chombo cha ulendo wa Apollo 11, nabwerako ndi miyala yake. Palinso mawu akuti once in a blue moon, onena za chinthu chochitika mwa apo ndi apo kwambiri. Mwezi suoneka wabuluu masiku onse. Koma phiri la Krakatoa ku Indonesia litaphulika m'chaka cha 1883, fumbi lake linadzaza mlengalenga, ndipo m'maiko ena anthu anauona mwezi uli wabuluu ndithu. Ngakhale mawu akuti carrying coals to Newcastle, onena za ntchito yopanda nzeru yonyamula malasha kupita nawo kumzinda umene unkatumiza malasha kwina konse, nthawi inawatembenuza. Pakuti migodi ya m'dera limenelo inatsekedwa umodziumodzi, wotsiriza waukulu wa ku Ellington m'chaka cha 2005, ndipo zombo zinayamba kubweretsa malasha a kunja pamtsinje wa Tyne.

Mawu akuti pie in the sky ali ndi mbiri ina. Pie ndi chakudya chophikidwa mu uvuni, chokhala ndi nyama kapena zipatso m'kati, ndipo kunena kuti chili kumwamba ndiko kunena kuti wanjala sangachifike. Mawuwa anatchuka kuchokera m'nyimbo imene Joe Hill, munthu wobadwira ku Sweden amene ankamenyera ufulu wa antchito ku America, anapeka m'chaka cha 1911. Iye ankadzudzula anthu olonjeza amphawi zokoma za m'tsogolo koma osawapatsa kanthu lero. Chotero mwambi umenewu poyamba unali chida cha osauka potsutsa malonjezo onama a akuluakulu. N'chinthu chomvetsa chisoni kuti masiku ano umamvekanso pakamwa pa anthu okhuta pamene akutsutsa maganizo a osauka ofuna kudzitukula.

Zonsezi zikuphunzitsa kuti zinthu zimene anthu amati n'zosatheka sizili za mtundu umodzi. Zilipo zosathekadi, monga nkhumba kumera mapiko, ndipo wolimbana nazo amangotaya nthawi. Zilipo zina zimene n'zosatheka lero chifukwa njira yake sinapezeke, monga unalili ulendo wa kumwezi chisanafike chaka cha 1969. Ndipo zilipo zina zotheka ndithu, koma zimene mtengo wake umaposa phindu lake. Mwambi sutha kusiyanitsa mitundu itatuyi. Umangoiphimba yonse ndi nsalu imodzi. Wosiyanitsa ndi munthu wofunsa monga anafunsira gogo uja, kuti chovuta chenicheni ndi chiti.

Kumudzi kuja ntchito inayamba mwezi wa Juni. Amuna ankakumba dothi la pachulu ndi kuliponda, amayi ankatunga madzi, anyamata ankanyamula zikombole ndi kuyala njerwa padzuwa. Sizinayende mosavuta ayi. Mabanja ena anazemba mpaka amfumu anachita kuwaitanitsa, ndipo uvuni woyamba sunapse bwino mbali imodzi chifukwa nkhuni zinatha pakati pa usiku, kotero njerwa zambiri zinatayika. Makalata a a Kalaliki ena sanayankhidwe konse; ena anayankhidwa ndi mawu okoma opanda ndalama. Koma iwo sanatope. Ankakhala pakhonde ndi cholembera, nalemba kachiwiri ndi kachitatu, m'Chingerezi chaulemu kwa a kuofesi ndi m'Chichewa chokumbutsa za kwawo kwa ana a m'mudzi. Mvula yoyamba inapeza chipinda chimodzi chitafoleredwa ndi udzu. Chaka chotsatira malata anakwanira, ndipo chipinda chachiwiri chinatha m'chaka chachitatu. Chingerezi chomwe chija chimene chinatsala pang'ono kupha ntchitoyo pabwalo ndicho chinathandiza kuifolera.

Patapita nthawi panabuka nkhani ina. Komiti ya sukulu, itaona kuti mdadada watheka, inalimba mtima, niganiza zosonkhetsa ndalama kuti igule chigayo chakale cha dizilo chimene munthu wina ankagulitsa motchipa, kuti phindu lake lizithandiza sukulu. Anthu ambiri anakondwa nazo. A Kalaliki anaimirira monga kale, nati, "Abale anga, chigayo chimenechi ndi white elephant." Koma ulendo uno sanakhale pansi. Anayang'ana kumbali ya amayi, namwetulira, nati, "Achemwali, musavutike kundifunsa, ndimasulira ndekha."

Anafotokoza kuti kudziko la Siam, limene tsopano likutchedwa Thailand, njovu zoyera zinkayesedwa zopatulika ndipo zinali za mfumu. Sizinkaloledwa kugwira ntchito monga njovu zina, koma zinkafuna chakudya chambiri ndi anthu ozisamala. Nthano imati mfumu ikafuna kusaukitsa nduna imene yaikwiyitsa inkaipatsa njovu yotere ngati mphatso, pakuti ndunayo sikanatha kuikana, kuigulitsa kapena kuigwiritsa ntchito, koma kungoidyetsa mpaka chuma chake chitatha. Atatero anatchula zifukwa zake chimodzichimodzi: kuti chigayocho chinali chokalamba ndipo zitsulo zake zikathyoka zikanafunidwa kutali m'tauni, kuti dizilo amafuna ndalama tsiku ndi tsiku, pamene anthu a m'mudzi amakhala ndi ndalama nyengo yokolola yokha, kuti pamsika wapafupi panali kale chigayo china, ndi kuti panalibe munthu amene anavomera kusunga buku la ndalama. Anthu anakambirana nthawi yaitali, ena akutsutsa, ena akuvomera, ndipo pomaliza anagwirizana zoti ndalamazo agulire mabenchi. Pamenepa mwambi unagwira ntchito yake yoyenera, pakuti unabwera pamodzi ndi zifukwa, ndipo unathandiza anthu kukumbukira chenjezo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhaniyi ili ndi phunziro kwa onse amene anapita kusukulu, makamaka aphunzitsi, alembi ndi atsogoleri a makomiti. Mwana wa sukulu ayenera kuphunzira mawu a Angerezi amenewa, pakuti adzakumana nawo m'mabuku, m'nyuzipepala ndi pamayeso, ndipo amene sawadziwa angaganize kuti wolemba akunenadi za nkhumba kapena za njovu. Ayeneranso kuwaika pambali pa miyambi ya makolo ake, kuti aone kuti nzeru sizinayambire kutsidya kwa nyanja kokha. Koma koposa zonse ayenera kudziwa kuti mwambi si chifukwa. Munthu amene anena kuti chinthu n'chosatheka ali ndi ngongole kwa omumvera, ndiyo yakuti atchule chimene chikuletsa. Ndipo akanena m'chinenero chimene anzake sachimva, ngongoleyo imakula kawiri. Kutseka pakamwa pa anthu ndi mawu achilendo sikupambana mlandu, koma kuwalanda mpata woganiza pa nkhani ya ana awo omwe.

Nayenso womvera ali ndi udindo wake. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Gogo uja akanachita manyazi ndi umbuli wake, ana a m'mudzimo akanapitiriza kuthawa mvula; komanso anthu akanangoseka nkhumba zija n'kunyoza a Kalaliki, akanamanga padambo, makoma n'kugwa. Chimene chinapulumutsa ntchitoyo n'chakuti wina anafunsa mwaulemu, ndipo wina anayankha moona mtima.

Tsiku lotsegulira mdadada uja kunali chisangalalo, ana anaimba, amayi naphika nsima yambiri. Amfumu atapempha a Kalaliki kuti alankhulepo, iwo anaimirira ndi ndodo yawo, nati, "Gogo Chalo, ine ndinanena pabwalo lino kuti nyumba iyi idzamangidwa nkhumba zikadzauluka. Nkhumba za achemwali angawa zikadali m'khola, sizinapite kulikonse. Koma nyumba ndi iyi. Aphunzitsi, mundikhululukire, ndinakulakwirani pamaso pa anthu." Mphunzitsi uja anagwira dzanja lawo ndi manja awiri, nati, "Bambo, pakadapanda inu tikadamanga padambo." Ndipo belu litalira, ana a Sitandade 1 analowa m'chipinda chawo, nakhala pansi pa denga la malata.